Apongozi Awiri mu Foda Imodzi

Laputopu yanga ndi yakale, ndipo sindichita nayo manyazi. Mng'ono wanga wa ku Lilongwe ataona kuti yayamba kumuchedwetsa ntchito anandipatsa ine, ati ana azionerapo makatuni. Ana anaoneradi masiku oyamba, kenako ndinawalanda. Chinthu choti chingasunge nyimbo zonse za kwaya yathu sichikanathera pa makatuni ine ndilipo. Wondiphunzitsa panalibe. Ndinkakhala nayo pakhonde masana, batire ya sola ili pambali, n'kumadina apa, kudina apo, zikasokonekera ndizimitse ndiyambirenso. Pofika nthawi yokolola ndinali nditadziwa kupanga foda, kusintha dzina la fayilo, kukopera nyimbo m'memori ya foni, ndiponso kuchotsa fulashi mwaulemu, osati kungoizula ngati chinangwa. Anthu a kuno kwa Mlonyeni anayamba kubwera ndi timamemori tawo atakulunga m'pepala la shuga, wina akufuna nyimbo za ku Zambia, wina zithunzi za ubatizo wa mwana. Ndinkanyada, ndipo mpaka lero ndimanyada.

Ine kuno ndine mtengwa. Kwathu ndi ku Ludzi, ndipo ndinabwera kuno atandilowola monga amachitira Angoni. Chinthu choyamba chimene mtengwa amaphunzira, asanadziwe n'komwe kumene kuli chitsime, n'chakuti dzina la bambo a mwamuna wake silituluka pakamwa pake. Ndi apongozi, basi. Mayi a mwamuna wake nawonso ndi apongozi. Ndakhala pamudzi pano mpaka ana anga kufika kusekondale, koma maina awiriwo sindinawatchulepo, ngakhale ndili ndekha kumunda.

Apongozi aamuna anatisiya zaka zingapo zapitazo. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, chojambulitsa kale paboma, atavala jekete, nkhope ili gwa ngati munthu amene akudikira mtengo wa fodya wake. Chinkakhala pakhoma m'nyumba mwa apongozi aakazi. Chaka china denga linadontha, chiswe n'kudzamaliza zotsala. Mwayi wake ndinali nditachijambulako ndi foni n'kuchiika mu laputopu. Foni imeneyo inafa kalekale, choncho nkhope ya bamboyo pa dziko lonse lapansi inatsala malo amodzi okha, mu foda imene ndinaitcha Chiliza. Fayiloyo ndinailemba kuti Apongozi. Nanga ndikanalemba chiyani?

Fodya atagulitsidwa, abale anagwirizana zomanga chiliza pamanda pawo. Anati chithunzicho achisindikize pa matisheti, china chachikulu achiike m'galasi chikhale cha apongozi aakazi. Amuna anga anati pa pulogalamu ya mwambowo pakhalenso nkhope ya amayi awo. Ndinawakhazika mayiwo pampando pansi pa mango, ndinawajambula, n'kuika chithunzicho mu foda ina, ya zinthu za pakhomo. Nachonso ndinachilemba kuti Apongozi. Mafoda anali osiyana, aliyense anali m'nyumba mwake, panalibe vuto.

Tsiku lina ndinapita kuchigayo. Pobwera, ufa uli pamutu, ndinapeza amuna anga ali pakhonde, laputopu ili pamiyendo, akumwetulira ngati apha nyama. Amuna angawa ndi mlimi wabwino, fodya wawo sabwerera kumsika, koma za laputopu amangodziwa zimene amandisuzumira ndikamachita. Anandiuza kuti amafuna kundichepetsera ntchito, ndiye akoka chithunzi cha amayi awo n'kuchiponya mu foda ya chiliza kuti akhale pamodzi ndi abambo monga ankakhalira. Ati laputopu inawafunsa funso lalitali m'Chingerezi, iwo n'kuvomera, chifukwa munthu akakufunsa mwaulemu sumukaniza.

Ndinatula ufa pansi osayang'ana pamene ndikuika. Nditatsegula fodayo ndinapeza Apongozi amodzi okha, atakhala pampando pansi pa mango.

Funso limene laputopu inawafunsa linali lakuti, muno muli kale wina wa dzina lomweli, kodi watsopanoyu alowe m'malo mwake? Iwo anati alowe. Ndinathamangira ku bini, kumene zinthu zofufutidwa zimakadikira, koma kunalibe. Chofufutidwa chimapita ku bini, koma cholowedwa m'malo sichipita kulikonse, chimangotha. Ndinafufuza foda iliyonse, ndinalemba dzinalo pofufuzira, ndinatulutsa mafulashi onse a m'nyumba. Paliponse ankabwera ndi mayi okhaokha. Zimene ndinayankhula tsiku limenelo sindingazilembe pano. Ndinawakumbutsa amuna anga kuti safunsa anadya phula, ndipo ndinawonjezerapo zina za m'mutu mwanga. Iwo anangoti zyoli, ngati fisi wagwa m'mbuna.

Kukawauza amayi awo anakana, ati mawu sawatuluka. Ndinapita ndine. Ndinawapeza akusenda mtedza kuseri kwa nyumba, ndinagwada chapatali, n'kufotokoza zonse mosabisa. Sanakalipe. Anapitiriza kusenda, kenako anati, "Ndiye kuti apita kachiwiri."

Kukalipiridwa kukanakhala bwino. Ndinabwerera kunyumba ndikulira. Mayiwa maso ayamba kuchita chifunga, ndipo anali atandiuzapo kuti nkhope ya amuna awo imawathawa akafuna kuikumbukira. Matisheti sindinkawadandaula, anthu akanavala oyera. Ndinkadandaula za mayiwo.

M'mudzi nkhani siichedwa. Pachitsime zinamveka kuti makina a mtengwa adya nkhalamba. Ena anati ndikanalemba maina enieni sizikanachitika. Anthu omwewo, ndikanalemba dzina la apongozi anga poyera pa sikirini pamene ana amaona, akanati mtengwa wa ku Ludzi sanalangidwe. Ndinawasiya ayankhule. Madzi akatayika saoleka, koma ine ndinali ndisanavomere kuti atayika onse.

Ndikutsuka mbale m'mawa wina ndinakumbukira ukwati wa mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Zambia. Paukwatiwo panali bambo wina wojambula kanema, ndipo apongozi aamuna analipo. Ndinaika laputopu m'chikwama, ndinaikulunga ndi chitenje kuopa fumbi la mwezi wotentha, n'kukwera kabaza. Kwa ife kutsidyako si ulendo wodabwitsa, minda yathu ndi yawo imayang'anizana.

Mlamu wanga anasanthula m'sutikesi mpaka anapeza kamemori ka kanema wa ukwati wake m'bokosi la machesi. Chinyanja cha kumeneko chinamulowa kale. "Manje mulamu, muli vinthu vambili umu, siniziba ngati atate alimo," anatero. Ndinamuuza kuti zimenezo andisiyire ine. Ndisanatsegule chilichonse ndinayamba ndakopera zonse mu laputopu, ndinadikira mzere wobiriwira wosonyeza kukopera ufike kumapeto, kenako ndinamubwezera memori yake m'manja. Cha mwini sindigwirirapo ntchito.

Mafayilo a m'menemo analibe maina, manambala okhaokha. Ndinayamba kuwatsegula imodzi imodzi pakhonde panga, masana ndikamaliza ntchito za pakhomo. Pofuna kuti batire ikhalitse ndinachepetsa kuwala kwa sikirini n'kuzimitsa mawu. Wojambula uja ankakonda mkwatibwi, keke ndi atsikana operekeza. Nkhalamba analibe nazo ntchito. Ndinaona mlamu wanga akulowa m'tchalitchi, akutuluka, akudyetsedwa keke, akupukutidwa thukuta. Ndinadziona ndekha ndikunyamula ndowa ya thobwa, nditanenepa kuposa lero. Apongozi kunalibe. Amuna anga ankadutsa mwakachetechete, nthawi zina n'kundiikira madzi akumwa pambali.

Apongozi ndinawapeza pa perekaniperekani. Kamera inali pa akwati, koma kumbuyo kwawo kunadutsa munthu wamtali atagwira chipewa m'manja. Ndinamenya batani lalitali la pansi pa zilembo, kanema n'kuima, koma ndinali nditachedwa, anali atatuluka kale. Ndinabweza ndi batani la muvi, ndinayambitsanso, ndinaimitsa. Ulendo uno analipo, koma nkhope inali yopakika ngati munthu wadutsa pa njinga. Ndinabwezanso. Pali batani lina limene limayendetsa kanema pang'onopang'ono, chithunzi chimodzi pa kudina kumodzi, ndipo ndinali nditalitulukira mwangozi ndikuonera kwaya. Ndinayamba kudina. Phewa, khutu, tsaya lopakika, kenako mutu wa mayi wina unawatchinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadinabe, ndipo mutu wa mayi uja utachoka, apongozi anatembenuka.

Nkhope yonse inaoneka bwinobwino, kuwala kwa dzuwa kuli pamphumi. Ankaseka. Osati kumwetulira kwa ulemu, koma kuseka kwenikweni, pakamwa pali yasa, mpata wa dzino lochoka ukuonekera, maso atatsinzinira pang'ono. Zaka zonse zimene ndinawaphikira sindinawaonepo akuseka chotero. Ndinachotsa manja pa laputopu kuopa kusuntha kanthu. Nditapuma ndinajambula sikiriniyo, ndinadula phewa la mlendo wina kumanzere ndi mtengo wa tenti kumanja, n'kutsala iwo okha. Sindinama, ndinadziona kuti ndine munthu. Mayi wa sitandade eyiti, wa manja a khasu, ndinali nditatulutsa nkhope ya munthu pamene wojambula mwini wake sanadziwe kuti ilipo.

Amuna anga ataona anakhala pansi, n'kupukuta m'maso ndi kolala. Koma atatha kulira anayamba kukayika. Ati abambo awo anali munthu wolemekezeka, ndiye kuwaika pa tisheti ya chiliza pakamwa pali pululu, abale adzati chiyani? Ndinawayankha kuti iwo mbali yawo pa nkhani ya zithunzi anaimaliza kale, wonena ndi amayi.

Tinapita tonse awiri. Mayiwo anali pamphasa pakhonde lawo. Ndinagwada, ndinaika laputopu pa kampando, ndinawonjezera kuwala mpaka kumapeto chifukwa cha maso awo, n'kupendeketsa sikirini kuti dzuwa lisawalepheretse. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Apatu ankaseka ine," anatero. "Mpango unandigwa ndikuvina, ndiye ndinauponda."

Anafunsa ngati angathe kuwaona akuyenda. Ndinatsegula kanema uja, ndinafika pamalopo, ulendo uno ndinakweza mawu. Nyimbo, nthungululu, wolengeza akuitana a kuchimuna, ndipo pansi pa phokoso lonselo panamveka kuseka kwakukulu kwa mwamuna, kwakanthawi kochepa. Mayiwo anagwira pakamwa. Anati ndibwezenso, ndinabweza. Anati ndibwezenso. Ndinabweza mpaka anakhuta okha, ndipo palibe anawerenga. Za matisheti anazidula mwachidule, ati wa jekete uja anali wa ku boma, wawo ndi uyu, ndipo amene sakufuna asavale.

Tsono panatsala kusunga chithunzicho pamalo pake. Ndinapanga foda yatsopano, laputopu n'kundifunsa dzina la fayilo. Zala zanga zinapita zokha pa chilembo choyamba cha mawu aja ndinazolowera, koma ndinaima. Mayiwo anafunsa chimene chandiimitsa, ndipo ndinawafotokozera kuti makinawa sadziwa ulemu, akapeza awiri a dzina limodzi amafuna mmodzi achoke. Amuna anga anati abwere alembe iwo dzina la abambo awo. Amayi awo anawayang'ana kamodzi kokha, iwo n'kubweza dzanja.

"Lembani inu, mayi. Lembani dzina lawo lenileni, asadzasowenso."

Ndinati sindingathe, iwonso akudziwa.

"Pakamwa panu pakhale potseka, zigwire ntchito ndi zala. Kutchula nditchula ine."

Chikhalire pamudzi pano ndinali ndisanawamvepo mayiwo akutchula dzina la amuna awo. Ankati abambo awo a ana, kapena eni nyumba ino, ngakhale pamaliro. Tsiku limenelo anakonza chitenje chawo, anakhala mowongoka, n'kulitchula lonse, pang'onopang'ono kuti ndisaphonye chilembo, dzina loyamba, la bambo awo, mpaka chiwongo. Ine ndinalemba ndi chala chimodzi, milomo nditaluma, n'kudina kuti lisungike.

Mayiwo sadziwa kuwerenga. Anandifunsa kuti dzinalo lili pati, ndipo ndinawalozera timalemba tating'ono pansi pa chithunzi. Anatambasula dzanja n'kuika chala pomwepo, chala cha mafuta a mtedza, n'kuchiyendetsa kuchokera koyambira mpaka kothera. Ine sikirini yanga sindilola munthu kuigwira, ngakhale ana anga amadziwa. Koma pamene panadutsa chala chimenecho sindinapukutepo.