Kaswichi ka Bambo Pansi pa Chiwongolero

Tinanyamuka ku Limbe cha m'ma sikisi m'mawa, mwezi wa Juni, bokosi la bambo lili kumbuyo kwa galimoto yawo yomwe, sitesheniwagoni yakale ya mainjekita, ija petulo wake amathiridwa ndi kompyuta. Anagwa mwadzidzidzi Lachiwiri, osadwala. Pambali panga panakhala azakhali, mlongo wawo. Kwathu ku Marka adzukulu anali atayamba kale kukumba, ndipo thupi silikanapirira kutentha kwa kuchigwa nthawi yaitali.

Galimotoyi bambo sankalola munthu kuigwira, ngakhale ine mwana wawo wa laisensi. Kukazizira ankawerama pansi pa chiwongolero, n'kung'ung'udza kenakake, injini n'kudzuka. Anafe tinkati ndi mankhwala. M'mawa umenewo itakana kanayi, ndinawerama ngati iwo, dzanja langa n'kugunda kaswichi. Ndinakadina, galimoto inalira pompo.

"Avomera," anatero azakhali.

Titatsika zikhotakhota za Thabwa tinavula majuzi. Pa mlatho wa Shire azakhali anatembenukira kubokosi. "Achimwene, tikuwoloka." Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda, m'kati fungo la petulo, geji yake ikutsika ngati wina akutunga ndi chikho. Ndinali ndi mantha.

Pa Nchalo, cha m'ma naini, ndinazimitsa kuti tigule madzi ndi zitumbuwa za mahandiredi awiri. Kuliza, zii. Kulizanso, zii. Linatha ola lathunthu, dzuwa likuwotcha denga. Amayi ogulitsa atasuzumira n'kuona bokosi, anasuntha malichero awo mwakachetechete. Ntchentche inatera pagalasi lakumbuyo, kenako zinakhala zitatu.

Azakhali anagwada pafumbi. "Achimwene, mukukana chiyani? Ngati ndi manyazi oti simunamange nyumba kumudzi, palibe akakusekeni. Tiyeni."

Apo panaima bambo wina panjinga, atavala ovolosi ya kukampani ya shuga. Ananunkhiza ekizosi.

"Mayi, injini yakhuta petulo. Mwini wake ali kuti?"

"Ali kumbuyoko."

Anavula chipewa kaye, kenako n'kutsegula boneti. Anandionetsa waya wa sensa yoyeza kutentha kwa injini, wodulidwa n'kulumikizidwa ku karezisita, kachipangizo kakang'ono kamagetsi, ndi kaswichi kaja. "Mukadina, kompyuta imanamizidwa kuti kukuzizira kwambiri, ndiye imathira petulo wochuluka. Kumtunda m'mawa zimathandiza. Kuno kung'anjo mwaitsamwitsa."

Anachotsa mapulagi, n'kuwaumitsa padzuwa. Atagona chagada pansi pa chiwongolero kuti azimitse kaswichi, anafunsa ali pansi pomwepo.

"Ireni ndani?"

"Ndine."

"Bwerani muone."

Pambali pa kaswichi panamatidwa tepi, malo oti sungaone utakhala pampando. Zolemba zinali za bambo, zopendeka zija: *Ireni, ukatsika Thabwa uzimitse.* Zonse pansipo zinali zakuda ndi fumbi la zaka. Tepiyo inali yoyera mbee, inki isanafufuke.

Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Ndalama bamboyo anakana. Azakhali anawomba m'manja n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwathu, "Takhuta, baba."

Ngabu, Bangula, Nsanje, sindinazimitsenso paliponse. Tinafika ku Marka cha m'ma thuu, ndipo bambo analowa m'manda dzuwa lisanalowe.

Za sensa ndinazimvetsa, palibe mankhwala pamenepo. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi tepi ija. Munthu amene sanandipatsepo kiyi ngakhale tsiku limodzi ankadziwa amene adzamutsitse phiri. Mpaka lero sindinaimatule.