Mudzi Umene Foni Inapeka

"Ndiwe! Ndiwe waphunzitsa mwana uyu kunamizira maliro a atate anga!"

Ndinali ndisanakhale n'komwe. Ndinali nditangofika pa nyumba ya maliro ku Nakoli, kuno ku Kabwe, chipewa chili m'manja, ndikufunafuna malo pa masofa amene anawatulutsa panja kuti amuna akhalepo. Wondikalipirayo anali mwana wamwamuna wa malemu, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Kitwe. Sitinkadziwana. Koma anandiloza chala, n'kunditchula kuti "iwe" ngati akuitana kondakitala wa minibasi, ine munthu wa imvi m'ndevu.

Ndine wa mtima wapachala, ndipo aliyense pa msika pamene ndimakonza mafoni akudziwa zimenezo. Komabe ndinayamba bwino. Ndinati, "Pepani maliro, bambo. Mwana wake uti?"

"Wa mlongo wanga! Uja umamusunga mu holo ya tchalitchi Loweruka lililonse ndi makompyuta ako."

Ine si mphunzitsi wa ku koleji. Ndinalekezera giredi 12, zina zonse ndinaphunzira ndi sikuludiraiva m'manja. Koma ansembe a parishi yathu ataona kuti ana a sekondale ayamba kulembetsa ntchito za kusukulu kwa AI, mapulogalamu a m'foni aja amene ukawafunsa amayankha ngati munthu, anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa Loweruka masana. Choyamba timaphunzira za makinawo. Kenako aliyense amaima patsogolo n'kulankhula, chifukwa ansembewo amati ana a masiku ano zala ndizo zimalankhula, kukamwa kuli zii.

Phunziro langa loyamba silisintha. Ndimawauza kuti chinthu ichi sichidziwa kanthu mmene munthu amadziwira. Chinameza zolemba zambirimbiri, ndiye chimangolota mawu oyenera kutsata anzake. Chili ngati munthu uja ukamufunsa njira ya ku Mukobeko, iye sanapondeko, koma amakulozera ndithu ndi dzanja lolimba, poti kunena kuti "sindidziwa" kumamuchititsa manyazi. Ana amaseka. Ine sindiseka.

Mtsikana wa nkhaniyi anali giredi 11. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi agogo ake aamuna, malemuwa. Tsiku limene anayamba kubwera, mawu ake sankafika ndi pa benchi yachiwiri pomwe. Ndinkamukalipira: "Dzutsa mutu! Pansipo palibe akukumvera. Yang'ana anthu m'maso!" Pofika nthawi ya mvula anali akuima patsogolo osanjenjemera. Agogo akewo ankabwera kudzamutenga. Ankakhala pa khonde la holo, akutsokomola chifuwa chija cha anthu a mu mgodi, ndipo mdzukulu wawo akamalankhula ankasiya kutsokomola mpaka amalize.

N'chifukwa chake a banja anasankha iyeyo kuti akawerenge mbiri ya malemu pa Misa ya m'mawa mwake. Tsono kwa ife mbiri ya munthu siyambira pa ntchito kapena pa ana amene wasiya. Imayamba ndi kumene anachokera: mudzi, mfumu, boma. Ife ana a anthu amene anabwera kudzakumba mgodi ndi kudzagwira ya njanji, chingwe chotsala ndi chimenechi basi. Atate anga, amene anachokera ku Chipata, ankatiimika pa Khirisimasi kuti titchule zitatuzi pamtima, ndipo wolakwitsa mpunga ankauonera m'mbale za anzake.

Masana amenewo, ine ndisanafike, a banja anakhala kuseri kwa nyumba kuti amve mbiriyo isanapite ku tchalitchi. Mtsikana anawerenga kuchokera m'foni. Zinali zosalala ngati za pa wayilesi. Munali dzina la mudzi, dzina la mfumu, boma la Dedza. Munalinso mawu akuti malemu anali kapitawo mu mgodi. Amalume ake atamva za ukapitawo anamudula. Anamufunsa kumene watenga zimenezi, ndipo mwanayo sananame: anati foni.

"Atate anga sanakhalepo kapitawo," anatero amalumewo, tsopano akundiyandikira. "Anali malayisha. Fosholo m'manja, kudzaza miyala m'ngolo mpaka mgodi unatsekedwa. Afa ndi fumbi m'chifuwa, manje mufuna tiwaike m'manda ndi bodza pamwamba? Ndi mudzi wa m'foni? Awe!"

Mfundo anali nayo, ndipo ndikanaimeza. Koma anawonjezera: "Anthu osaphunzira akayamba kuphunzitsa, ndi izi. Bwerera ku msika uzikamata mafoni."

Ndinavala chipewa changa, pa maliro pomwepo, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Chabwino, foni yanama. Nanga inu amene simunama, tiuzeni pano. Mudzi wa atate anu ndi uti? Mfumu yake ndani?"

M'nyumba azimayi anali pakati pa nyimbo. Inaduka pang'onopang'ono, oyamba a pafupi ndi chitseko, kenako a m'kati.

"Ku Dedza," anatero amalumewo.

"Dedza ndi boma. Ndafunsa mudzi."

Akatekisiti anandikoka jekete. Mkulu wina anangoti, "Aaa, ba ticha, osati pano." Amalume aja anabwerera pa sofa n'kukhala pansi. Palibe anatchula liwu lakuti mtchona, koma aliyense analimva: munthu amene anachoka kwawo osabwereranso, mpaka ana ake sadziwa kokalozera. Atalankhulanso, mawu ake anali otsika.

"Mwanayu sawerenga kanthu mawa. Akatekisiti atchule dzina ndi zaka. Kwatha."

Mtsikana ndinamupeza kuseri, pa mpopi, akutsuka makapu amene anali otsuka kale. Atavala chitenje ndi mpango wakuda ankaoneka wamkulu kuposa wa mu holo uja. Mkwiyo unali usanandithere, ndiye ndinautula pa iye.

"Tsiku loyamba ndinakuphunzitsa chiyani?"

"Munati makina sakonda kunena kuti sindidziwa."

"Nanga?"

"Si foni chabe, ba ticha." Sanadzutse mutu. "Poyamba inasiya mipata. Inati mudzi ndilembe ndekha, mfumu ndilembe ndekha. Ine ndinaiuza kuti idzaze, ipange zomveka ngati za munthu wa ku Dedza. Ndiyime mu tchalitchi chodzaza, ndinene kuti kwawo kwa agogo sitikudziwa? Anthu akawaseke ali m'bokosi?"

"Ukapitawo?"

"Ndinaona kuti ndi zabodza. Koma zinawakhala bwino."

Miyezi yonse ija ndinkachenjeza ana za manyazi a makina, osaganiza kuti mwana angabwereke makinawo kuti aphimbe manyazi akeake. Ndinamufunsa ngati anawafunsapo agogo ake za kumudzi. Anati kamodzi, ndipo iwo anangoseka n'kuti, "Ukufuna kundithamangitsa?"

"Ndiye zimene udziwa ndi ziti? Siya foni. Ndiuze ine."

Anayamba mwamantha, kenako zinatuluka zokha. Anati m'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, agogo ankatsira madzi pabwalo ponse kuti fumbi la mtovu lisauluke ana akamasewera, ndipo anthu oyandikana nawo ankawanena kuti amathirira dothi lopanda mbewu. Anati nsapato za mu mgodi ankazipukutabe ngakhale mgodi unatsekedwa kalekale. Anati mu kwaya ankaimba besi, ndipo mpweya utayamba kuwathera sanasiye kupita, ankangoima pamalo pawo n'kumatsegula pakamwa. Anati yunifolomu yake yoyamba ya ku sekondale anaisita okha ndi ayironi ya malasha, n'kuotcha kolala.

Polankhula zonsezi sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi, koma liwu lililonse ndinalimva.

"Mbiri ndi imeneyo," ndinatero.

"Amalume akana."

"Akana chifukwa cha ine."

Akazi anga anali m'gulu la azimayi oimba aja. Tinabwerera limodzi kwathu ku Natuseko dzuwa likulowa, wapansi, poti iwo anakana kukwera minibasi. Ndinadziwa kuti akufuna njira yaitali.

"Mwamuvula munthu pamaso pa azimayi," anatero titawoloka msewu. "Atate ake ali ku mochale, inu mukumulembetsa mayeso."

"Funso langa linali labodza?"

"Foni ija inanama mwaulemu. Inu mwanena zoona mwachipongwe. Mwana wataya mwayi wotsanzikana ndi agogo ake chifukwa cha nonse awiri. Ndiye mumaphunzitsa ana kulankhula, inuyo?"

Mpaka lero sindikuona kuti funsolo linali lolakwika, chifukwa tikapanda kulifunsa ana athu adzafunsa foni, ndipo foni idzawapatsa mudzi. Koma mwana uja agogo ake ankaikidwa kamodzi kokha, ndipo tsiku lake linali mawa.

Kutacha sindinatsegule pa msika. Ndinagula thumba la malasha, n'kulinyamula pa phewa mpaka ku Nakoli. Ndinapeza amuna amene anagona panja akusukusula, moto utasanduka phulusa. Amalume aja anali pa sofa yomweyo, atafunda bulangete. Ndinatula thumba pafupi ndi mbaula za azimayi, ndinavula chipewa, n'kunjuta patsogolo pawo, pansi penipeni, n'kuomba m'manja. Mawondo anga sanazolowere zimenezi ndipo analira.

"Bambo, dzulo ndinalankhula pamalo osayenera. Maliro ndi anu. Ine mundikwiyire mmene mungathere, kalasi ija muikanize kwa ansembe ngati mufuna. Koma mwanayu analeredwa ndi atate anu. Muloleni anene zimene anaona ndi maso ake, popanda pepala, popanda foni."

Amalumewo anafunsa kuti, "Nanga akafika pa mudzi?"

"Anene kuti sitiudziwa."

Amuna onse anasiya kusukusula. Iye anakoka bulangete, n'kuyang'ana phulusa.

"Atate ndinawafunsapo ndili mnyamata," anatero. "Anati, 'Mchombo wako uli ku Kabwe, ukufunanso chiyani?' Sindinafunsenso. Ndimati nthawi ilipo." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Alankhule. Koma foni ija isaponde mu tchalitchi."

Anaitana mtsikana. Anabwera n'kugwada, ndipo amalume ake anamuuza okha. Iye anatulutsa foni m'chitenje n'kuyang'anayang'ana woti am'patse. Ndinatambasula dzanja.

Ndinaizimitsa n'kuika m'thumba la jekete. Titafika ku parishi, bokosi litalowa, anthu atalowa, ine ndinatsala panja, poti mawu anali akuti foni isaponde m'kati. Ndinaima pansi pa zenera la kumbali ya kwaya, dzuwa likundiotcha pamutu. Itakwana nthawi ya mbiri ndinamva mawu ake, omveka mpaka pamene ndinali.

"Agogo anga anachokera ku Malawi, boma la Dedza. Mudzi wawo sitiudziwa. Sitinafunse nthawi ilipo. Anali malayisha mu mgodi."

Kaya anayang'ana anthu m'maso kaya pansi, sindinaone, ndipo sindinasuzumire. Ndinangotsamira khoma, dzanja lili pa thumba la jekete, n'kumvetsera mpaka anafika pa kolala yopsa ija.