Mphindi Makumi Anayi Zimene Ndinachoka Mutenti

Ndinalemba kalata yodandaula koyamba Lolemba lotsatira Idi, chaka chimene kolera inavuta kuno ku Mkhumba. Kalatayo ndinasungako ina yofanana nayo, pamodzi ndi zinayi zotsatira. Palibe imene inayankhidwa.

Ntchitoyi ndinaipeza imvi zitamera kale. Madzi atakokolola munda wanga, ndinamva kutchalitchi kuti akufuna wothandiza mutenti ya odwala kolera. Anandipatsa magolovesi, majombo, kolorini ndi kapu. Bedi lililonse linali ndi chibowo pakati, pansi pake ndowa yamizere yoyezera zotuluka m'mimba. Ine ndinkawerenga mizereyo n'kulemba.

Anamwino aakulu anandiphunzitsa kamodzi kokha: "Bambo Muhiwa, madzi akafika m'chifu, ulendo sunathe. Amakayamwidwa m'matumbo aang'ono. Kumeneko shuga amakoka mchere, madzi n'kutsatira. Zimene zagwera mundowa, muzibweze ndi kapu ya madzi a mchere ndi shuga."

M'mwezi wa Ramadani anabwera nawo a Jafali, ogula nandolo pamsika. Dzuwa lisanafike paliwombo, ndowa yawo inali itadutsa mzere wachitatu. Khungu ndikalitsina silinkabwerera. Kapu anaikankha.

"Achimwene, ndikusala. Dikirani dzuwa lilowe."

"A Jafali, matumbo anuwa sakudikira dzuwa."

Anatembenukira kunsalu ya tenti. Madiripi otsala anali pa anthu awiri okomoka, anamwino ali komweko. Ndinasamba kolorini, n'kupalasa njinga kukatenga ashehe. Iwo anaima pakhomo la tenti.

"Jafali, wodwala amaloledwa. Imwa. Masikuwo udzabweza ukachira."

Anamwa, n'kusanza. Ndinadikira mphindi khumi, tinayambiranso pang'onopang'ono. Madzulo anakodza, ndipo ndinalemba.

Tsiku limene a Jafali anatuluka akuyenda okha, ine ndinalandira kalata ya chenjezo, yoti ndinachoka pantchito mphindi makumi anayi popanda chilolezo. Kuchoka ndinachokadi. Koma ndinaphunzira kuti matumbo amayamwa chokhacho chimene mwini wake wavomera kumeza.

Kuyambira pamenepo, tenti ikatsegulidwa amaitana anzanga, ine ayi. Ndatopa kupalasa njinga ndi envulopu ya madandaulo m'thumba, mawondo akukana.

Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu amene anasaina kalata ija kuti aichotse m'fayilo yanga. Ngati sangatero, andiyankhe polemba kuti tsiku lija ndimayenera kukhala pambali pa ndowa, ndikuwerenga mizere, kufikira pa mzere wachingati.