A Zingwe Pansi pa Desiki

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, aliyense pa ofesi ija ankadziwa kuti pulinta siyenda popanda a Zingwe. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, linatsala ndi la ntchito, poti m'matumba a jekete lawo munkalendewera zingwe ngati mizu. Mukagula chipangizo chatsopano, kaya pulinta kaya sikana, makompyuta a masiku amenewo ankangokhala duu, osachizindikira. Ndiye munkayenera kukagogoda pa kachipinda kawo, n'kudikira amalize tiyi. Akatero ankatsegula chitini cha mabisiketi m'mene ankasungamo madisiki, n'kubwera kudzaidziwitsa kompyutayo mlendo wake. Ola lathunthu, anthu atawazungulira. Pomaliza wina ankati, "Koma a Zingwe inu, mutu umagwira!" Mawu amenewo ndiwo ankawanenepetsa. Kunyumba akazi awo anachita kuwaloweza, poti ankabwerezedwa tsiku ndi tsiku.

Chakudza sichiimba ng'oma. Bwana anagula makompyuta atsopano, ndipo tsiku loyamba lomwelo mayi wina wolemba makalata, munthu wofatsa amene anali asanathe ndi chaka chomwe pa ofesipo, anatopa n'kudikira. Anangotenga chingwe cha pulinta n'kuchilowetsa kumbuyo. Kompyuta inalira kamodzi, n'kulemba pakona pa sikirini kuti yaona chipangizo chatsopano, ikuchikonzera malo. Asanakhale n'komwe pampando, pepala linali litatuluka.

Basitu. Kuyambira pamenepo aliyense, "Mayi, tabwerani mudzandilumikizire." Kwa a Zingwe zinali za zii! Ntchito yake iti? A Zingwe anayenda desiki ndi desiki kufotokoza kuti mayiyo sanachitepo kanthu, makina atsopanowa amachifunsa okha chipangizo kuti ndiwe yani, n'kudzipezera okha zochiyendetsera, ngakhale mwana angathe. Zinali zoona, koma kodi anthu amafuna zoona? Ankangogwedeza mutu, mawa lake n'kumuitananso yemweyo. Wina mpaka anamubweretsera maluwa m'kabotolo. Maluwa! Iwo zaka zonsezi ngakhale kansalu kopukutira fumbi sanalandirepo.

Nsanje inawadya, tisabise. Ankakhala m'kachipinda kawo chitseko chili chotsegula, khutu lili panja, kuwerenga kuti lero mayiyo waitanidwa kangati. Lachiwiri lina anawerenga kasanu ndi kawiri dzuwa lisanafike paliwombo. Iwo ngakhale kamodzi.

Ndiye anakumbukira nzeru yawo yakale. Masiku aja, sabata ikatha osaitanidwa, ankazemba n'kukasolola pang'ono chingwe cha pulinta, kungochimasula osachigwetsa. Makina akalewo sankanena kanthu. Anthu ankavutika mpaka kudzawagogodera, iwo n'kukhala ngwazi. Lachitatu m'mawa, bwana ali chiimire kudikira mapepala a msonkhano, mayi uja akusindikiza, a Zingwe anagwetsa cholembera dala n'kukwawira pansi pa desiki.

Anangokoka pang'ono chabe. Kompyuta inalira mokweza, ndipo pa sikirini panalembedwa kuti pulinta yachotsedwa. Pepala linaima pakati. Ofesi yonse inatembenuka, n'kuona nsapato ziwiri ndi msana wa jekete. Munthu wodziwa bwino lomwe kuti makinawa amalonjera chipangizo chikafika, anaiwala kuti amalengezanso chikachoka.

Mayi uja anawerama. Anaona dzanja lawo pachingwe, anaona nkhope yawo, ndipo anamvetsa zonse. A Zingwe analakalaka mayiyo akanangowakalipira, kuti nawonso apeze poyankhira.

"Pepani bambo," anatero mayiyo mokweza, "ndine ndinachiyala poipa, chakukolani."

Anachikankhira m'malo mwake, kompyuta inaliranso, pulinta n'kupitiriza. Wina kumbuyo anati, "Koma mayi awa, mtima wabwino!" Apo ndiye a Zingwe anamuda kotheratu.

Anatuluka chafutambuyo, mawondo ali mbuu ndi fumbi. Bwana anawathandiza kudzuka, n'kuwasasa paphewa mwachifundo.

"Akuluakulu, zokwawa pansizi zakukulirani. Kuyambira lero zingwe zonse muwasiyire mayiwa, inu muzipumako."

"Zikomo, bwana," anatero a Zingwe.