Alamu Anamata Chitoliro Changa Ngati Boti

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwawabe. Ndinalakwitsa kupereka chitoliro changa kwa munthu womata maboti.

Chitolirocho n'chachitsulo, chachitali ngati mkono, mawu ake abesi. Anandisiyira mzungu wina amene ndinkamugwirira ulonda pa loji kunyanja kuno. Chili ndi zigawo ziwiri zolowetsana, ndipo polumikizira pakepo pamayenera kusuntha. Ukakoka pang'ono mawu amatsika, ukakankha amakwera. Ndi mmene ndinkagwirizanirana ndi kiyibodi ya kwaya yathu.

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anandipempha kuti pa ukwati wake ndimuimbire polowa m'tchalitchi. Sanapemphe china. Koma polumikizira paja panali patakhwefuka. Ndikamaimba, chigawo cham'munsi chinkatsetsereka chokha, mpweya n'kumatulukira m'mbali.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Umakulungapo ulusi wa ukonde, kupaka kandulo, n'kulowetsa. Pamagwira koma pamasuntha. Koma ndinati pa ukwati wa mwana wanga ndisaoneke ndi zaulusi ngati mmphawi.

Alamu anga a Yusufu, achimwene awo a mayi akunyumba, atachiona anaseka. "Alamu, kameneka? Ine ndimatseka maboti olowa madzi ngati dengu!" Ndinawapatsa. Zoti pamenepo pazisuntha sindinawauze. Ndinkayesa n'zodziwikiratu.

Anachibweza akumwetulira. Anali atachikankha mpaka kumapeto, kuthira guluu wa maboti, pamwamba n'kupaka phula. Akuti, "Wallahi alamu, apa ngakhale mwera sungalowe."

Ndinapotokola mpaka zikhatho kutupa. Ndinaviika m'madzi otentha. Osatheka. Ndiye ndinangodzinamiza kuti mwina zikagwirizana.

Tsiku la ukwati kunatentha, kutentha kwa kuno ku Salima mukukudziwa. Chitsulo chikatentha mawu amakwera. Kiyibodi inayamba, ine n'kulowa, koma ndinali pamwamba pa anzanga pang'ono, kapang'ono kaja kopweteka m'khutu. Dzanja linapita lokha kukakoka. Gwa! Mkulu wa kwaya anandiyang'ana, kenaka anandikwezera dzanja kuti ndisiye. Mwana wanga atafika pakati pa tchalitchi anacheuka kundifunafuna, n'kundipeza nditapanira chitoliro m'khwapa ngati ndodo. Sanandifunsepo mpaka lero. Bola akanandikalipira.

Alamuwo tikakumana padoko amandifunsabe monyadira kuti, "Nanga mpweya ukutulukanso?" Ndimafuna kuwaponya m'madzi. Koma ndiwayankhe chiyani? Sukutulukadi. Munthu womata maboti akaona mpata amaona imfa ya asodzi. Anagwira ntchito imene amaidziwa. Chitsiru ndi ine amene ndinachita manyazi ndi ulusi.

Ndiye inu owerenga, mukamapereka chinthu kwa mmisiri musamangomuuza chimene chawonongeka. Muzimuuzanso chimene asachikhudze. Ndipo si chilichonse chogwedera chimene chimafuna guluu, zina zinapangidwa kuti zizisuntha.

Chitolirocho ndili nachobe. Ndikakhala ndekha pakhonde chimalira bwino kwambiri. Koma kuimba pamodzi ndi anthu ena, chinasiya.