Mdzukulu wa Matalala

Tsiku limene Deliwe Osborne anafika ku Telford, ku Mangalande, kudzayamba ntchito pa nyumba yosamalira okalamba, manijala wa panyumbapo anatuluka kudzamulandira, n'kumudutsa pakhomo maso ali kumsewu. Ankayembekezera mzungu. Deliwe sanakhumudwe. Dzinali linayamba kumuchita zimenezi ali ku pulayimale ku Bangwe, kumene anzake ankamufunsa kuti khungu loyera analiiwala kuti.

Mwini dzinalo anali agogo ake, a Murdo Osborne. Anabadwira kumudzi woweta nkhosa kumpoto kwa Scotland, pa kamunda kosakwana kudyetsa ana onse a m'nyumbamo. Ali mnyamata ankagwira ganyu pa msika wa ziweto, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kuitanira malonda. Anafika ku Nyasaland nkhondo yachiwiri isanayambe, ali ndi sutikesi imodzi ndi kanyundo kathabwa. Poyamba ankagulitsa katundu wa azungu obwerera kwawo: mabedi, mfuti, njinga, tsiku lina mpaka piyano yodyedwa ndi chiswe. Okushoni ya fodya itatsegulidwa ku Limbe anapeza ntchito kumeneko. Ankayenda pakati pa mizere ya mabelo, ogula ali pambuyo, iwo akutchula mitengo mothamanga moti alimi anangowapatsa dzina loti Matalala, poti mawu awo ankagwa ngati matalala pa denga la malata.

Pachipata cha okushoni pankakhala mtsikana wa ku Chiradzulu, Mwaiwathu, wogulitsa nthochi ndi chinangwa chophika. A Murdo anayamba ndi kugula nthochi, anathera kwa amalume ake a mtsikanayo chipewa chili m'manja. Sanamubise kuseri kwa nyumba monga ankachitira ena. Anakhala naye poyera, ndipo azungu anzawo anasiya kuwaitana ku maphwando. Mwana anabadwa mmodzi, Patson. Koma fumbi la fodya linawalowa a Murdo m'chifuwa, ndipo anamwalira Patson akadali mnyamata. Anaikidwa kumanda a azungu, Mwaiwathu ndi mwana wake ataima kunja kwa mpanda.

A Patson anatengera lilime la bambo awo, koma malo awo ayi. Masiku amenewo munthu wa khungu lawo sakanaima kutsogolo kwa ogula, ndipo ufulu utabwera ntchitoyo inkafuna mapepala a sukulu amene iwo analibe. Anakankha mabelo pa ngolo mpaka kupuma ntchito. Lilime lija linkaonekera kutchalitchi basi, tsiku la masika, akhristu akabweretsa nkhuku, maungu ndi nzimbe kuti zigulitsidwe. A Patson akayamba, amayi a mvano ankagwira nthiti ndi kuseka, munthu wobwera wopanda cholinga n'kubwerera kwawo atapanira tambala m'khwapa. Deliwe, chitsirizira wawo, anakula akumva zimenezi, ndipo ankaziyeserera potsuka mbale.

Iye anagwira ntchito zaka zambiri m'mawodi a chipatala china ku Blantyre. Banja litatha anatsala ndi mwana mmodzi, Zoe, ndipo mwayi wa viza utapezeka anabwera naye ku Mangalande. Chaka choyamba chinamuwawa. Mashifiti anali aatali, basi ikakusiya ndiye kuti wasiyidwa, dzuwa n'kumalowa anthu asanaweruke. Chimene chinkamutsitsimutsa chinali Lamlungu, akakwera sitima kupita ku Nechells, kumene aMalawi ndi a ku Zambia amapemphera m'nyumba yomwe kale inali yosungiramo katundu.

Pakati pa anthu amene ankawasamalira panali mayi Janet Bishop. Sitiroko inawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu. Ankangokhala pawindo, chakudya akukankhira kutali. M'mawa wina Deliwe akuwasankhira chovala, anatulutsa juzi yobiriwira m'kabati, n'kuinyamula m'mwamba. Sanaganize n'komwe, zinangotuluka zokha.

"Juzi yabwino iyi, yopanda chigamba! Faifi, faifi, ndani sikisi? Sikisi ndaiona, seveni, seveni..."

Chala cha kumanzere cha mayi Janet chinadzuka pang'ono pa bondo. Deliwe anaima. Anayesanso, "Eyiti, ndani eyiti?" Chala chija chinadzukanso, nkhope ili duu, ngati ya munthu wosafuna kuti anzake adziwe kuti akugula.

"Yapita kwa mayi a pawindo!" anatero Deliwe, n'kumenya kabati ndi chipeso.

Mayi Janet anaseka. Kunali kuseka kwa mbali imodzi ya kamwa, kokhala ngati chifuwa, koma kunali kuseka. Tsiku limenelo Deliwe anawagulitsanso phala, ndipo analidya lonse.

Nkhani inafala m'makonde. Loweruka mwana wa mayiwo, a David, mlimi wamkulu thupi wa kumidzi ya ku Shropshire, anafunsa kuti Osborne ndi uti. Deliwe anadziwa kuti kwake kwatha. Ankaopa kuti bamboyo wabwera kudzakhomplena kuti akusewera ndi mayi ake.

"Akuti mumawagulitsa zinthu amayi," anatero a David.

"Pepani bambo, sindinafune kuwanyoza."

"Ayi, chitani ndione."

Deliwe ananyamula silipasi, n'kuyamba kuitanira. Atafika pa seveni chala chinadzuka. A David anakhala pansi pa bedi, n'kuphimba nkhope ndi manja awo aakuluwo. Atadzutsa mutu anati mayi awo anagula ana a ng'ombe pa msika moyo wawo wonse, ndipo ankatchuka ndi chala chimenecho, chomwe wogulitsa yekha ndiye ankachiona. Kenako anamufunsa kuti zimenezi anaphunzira kuti. Deliwe anawauza za a Patson, za Limbe, ndi za mnyamata wa ku Scotland uja. A David anapukusa mutu. "Ndiye kuti mawuwa anapita ku Africa pa sitima ya pamadzi, abwerera pa ndege."

M'chilimwe nyumbayo inakonza chisangalalo cha pabwalo chofuna kupeza ndalama zokonzera dimba la okalambawo. A David anauza manijala kuti woitanira malonda asamufune kutali, Deliwe alipo. Zoe atamva, anakwinya nkhope. Mayi ake anamufunsa m'Chichewa kuti vuto n'chiyani, iye n'kuyankha m'Chingerezi kuti anzake a kusukulu adzakhalapo, chonde asamuchititse manyazi.

Tsikulo litafika, a ku Nechells anabwera pa minibasi yodzaza, mayi Tuntufye a kwaya ali patsogolo ndi beseni la mandasi. Deliwe anakwera pa kabokosi atavala diresi la chitenje. Katundu woyamba, keke ya mandimu, anayenda mwamanyazi. Pa wachiwiri lilime linamasuka. Anagulitsa mpando wogwedera, mabotolo a jamu, wilibala, mpaka beseni la mandasi lija, limene azungu awiri analilimbirana osadziwa n'komwe kukoma kwake. Mayi Tuntufye analuluta, nkhalamba zina zinadzidzimuka, kenako zinaomba m'manja. Mayi Janet, ali pa njinga yawo ya olumala kutsogolo, anagula mphika wa maluwa, a David n'kulipira akuseka.

Zoe ndiye anajambula zonse pa foni. Madzulo anatumiza kwa agogo ake ku Bangwe popanda womuuza. A Patson anaimba nthawi yomweyo, nkhope itadzaza foni yonse.

"Iwe Deliwe, ukupuma pakati pa nambala. Puma ukatchula, osati usanatchule."

"Ndamva, ababa."

A Patson anapukuta m'maso ndi chala. "Koma waima kutsogolo, mwana wanga. Azungu akukutsata. Ndaona ndi maso angawa." Kenako anaitanitsa Zoe, n'kuyamba kumufotokozera za bambo awo mu Chingerezi chawo cha pa okushoni, mtsikanayo akufunsa mafunso mpaka netiweki inaduka.

Sabata yotsatira a David anabwera ndi uthenga. Mnzawo amene amagulitsa ziweto pa msika wa kwawo anaona kanema uja, ndipo anati Deliwe azibwera masiku a ofu kudzaima pambali pake, aphunzire kuona nkhosa ndi kudziwa ogula. Deliwe anafotokoza kuti viza yake simulola kusintha ntchito panopa. A David anati kuphunzira sikufuna viza, ndipo nkhosa sizidzatha.

Deliwe anafunsa kuti kumeneko amavala chiyani. A David anamuuza kuti matope ake ndi ofika m'akakolo. Lachisanu ataweruka anadzera m'tauni, nagula jombo zakuda, peyala ziwiri, poti Zoe anali atanena kale kuti sadzatsala.