Kanyumba ka Kuseri ku Kadoma

Maganizo opita ku Kadoma anabwera ndi amuna anga. Iwo kwawo ndi ku Masvingo, ndipo Kadoma ankangoionera pa windo la galimoto akamapita ku Bulawayo. Tsiku lina madzulo anandionetsa pa foni chithunzi cha nyumba yakalekale ya malata ofiira, ya khonde lalitali lozungulira, mitengo ya jakaranda itachita maluwa mbali zonse.

"Tikapume kumeneku Loweruka ndi Lamlungu," anatero. "Ana tiwasiya kwa achemwali anga. Taonani khondelo. Akuti inamangidwa nthawi ya atsamunda, ndipo zitseko zake zikadali zomwezo."

Nditawerenga dzina la tauni pansi pa chithunzicho ndinawabwezera foni yawo.

"Bambo, mwaiwala kuti ine ndinabadwira komweko?"

"N'chifukwa chake ndasankhako. Mukandionetsa kwanu."

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, n'kugwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Kadoma mpaka kukalamba. Amayi ankachapa ndi kusita m'nyumba za azungu kumayadi. Onse awiri anatisiya kale, koma ku Rimuka, komboni ya ku Kadoma komweko, kukadali azakhali, mlongo wa bambo anga, ndipo abale ena anamwazikana ku Chegutu ndi ku migodi. Ine ndine namwino ku Harare. Mwezi umenewo ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, ndipo chimene ndinkafuna chinali kugona popanda wondidzutsa. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti wachibale aliyense asadziwe kuti tikubwera.

Tinanyamuka Lachisanu masana. Titafika pa Chegutu, amuna anga anaona malalanje ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuchepetsa liwiro.

"Musaime pano," ndinatero. "Tikagula kutsogolo."

"Malalanje a pa Chegutu muwapeza kuti kutsogolo?"

Anaima. Azimayi ogulitsa anathamangira galimoto, ine n'kuwerama ngati ndikufuna chinachake m'chikwama. Sizinathandize. Nkhope ina inalowa pa windo la mbali yanga.

"Sisi! Ndimi here?"

Anali msuweni wanga, mwana wa azakhali aja, akufunsa ngati ndinalidi ine. Ndinamupatsa moni m'Chichewa, iye n'kumayankha m'Chishona monga amachitira onse a msinkhu wake. Anatithira malalanje pa mpando wa kumbuyo, akufunsa kumene tikupita. Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anali atafotokoza kale nyumba ya malata ofiira ija, ndi msewu wake womwe. Tikuchoka ndinamuona pa galasi atagwira foni kukhutu.

Tinafika ku Kadoma dzuwa lisanalowe.

Nyumbayo inali yokongoladi, zimenezo sindikana. Mwini wake, mayi wina wonenepa bwino wovala magalasi, anatilandira pa khonde n'kutilowetsa pabalaza. Pansi panali pa matabwa, pakona panali piyano, ndipo m'makoma munali zithunzi za azungu a zipewa zikuluzikulu ataima pafupi ndi migodi yawo, ena ndi agalu, ena pa mahatchi. Anatifotokozera kuti nyumbayo inali ya bwana wamkulu wa mgodi wina wa golide. Amuna anga ankagwedeza mutu pa chithunzi chilichonse ngati akuona agogo awo.

"Koma pali kavuto pang'ono," mayiyo anatero. "Alendo amene anali m'chipinda chanu sanachoke. Ndi ogula golide, akudikira anthu awo ochokera ku Gadzema. Ndakukonzerani koteji kuseri. Muikonda, n'kwa phee."

Tinatulukira khomo la kukhitchini, n'kudutsa pansi pa zingwe zoyanikira zovala, n'kupitirira mtengo wa mango mpaka kumpanda. Kumeneko kunali kanyumba ka chipinda chimodzi, ka windo limodzi laling'ono pafupi ndi denga. Anali atakapaka penti yoyera n'kuikamo makatani a maluwa. Ine ndinaima pakhomo.

Kanyumba kotere ndimakadziwa. Kumayadi onse a ku Kadoma kunali tinyumba totere, ta antchito, ndipo amayi anga anakhala m'kamodzi mwa ito zaka zambiri. Sukulu ikatsekedwa ndinkapita kukagona nawo, pamkeka, pansi pa tebulo lositirapo, atandichenjeza kuti ndisaseke mokweza kuopa kuti adona angamve.

"Iyi si koteji," ndinawauza amuna anga mayi uja atachoka. "Iyi ndi khaya ya wantchito."

"Koma bedi ndi labwino," anatero, akulidina ndi dzanja.

"Mwanditenga ku Harare kudzandigoneka m'khaya, ndipo mwalipira mari kuti ndigonemo."

Anapita kukafunsa ngati panalibe chipinda china. Panalibe. Pampopi panalibenso madzi. Anatibweretsera ndowa ziwiri. Dzuwa litalowa magetsi anathima, ndipo injini yopangira magetsi ya nyumba yaikulu anaiika kumpanda, kuseri kwenikweni kwa khoma lathu, kuti isasokose alendo a golide aja. Inalira mpaka ndinaimva m'mano.

Loweruka m'mawa ndinadziuza kuti ndisaononge ulendo wonse chifukwa cha chipinda. Ndinasamba madzi a m'ndowa, ndinavala diresi yanga yatsopano, n'kukakhala pa khonde lija. Kunali kamphepo, maluwa a jakaranda atayala pabwalo ponse. Anatipatsa tiyi m'makapu opyapyala a mkombero wagolide. Ndinali nditangomwako kawiri pamene geti linalira.

Anali azakhali, atavala duku ndi juzi ngakhale kunali kotentha, ambulera ili m'manja. Anayenda pakati pa bwalo mosayang'ana uku ndi uku, n'kudzaima pansi pa masitepe.

"Ndiye wafika pa Kadoma n'kukagona kwa anthu osawadziwa, ngati kwanu kunapsa?"

"Azakhali, timati tibwere mawa."

"Mawa. Chabwino. Bambo ako aang'ono ku Chakari ali gone, sabata yonseyi sakudya. Iwe ndiwe namwino, uli ndi galimoto, ukumwa tiyi."

Amuna anga anali atatsika kale masitepe, akuomba m'manja mwaulemu. Azakhali anawamwetulira. "Akamwini, mwanenepa. Akukusamalani."

Ndinasiya tiyi wanga, n'kukatenga chikwama.

Msewu wa ku Chakari unatigwedeza mpaka chiuno kuwawa. Fumbi linkalowa ngakhale mawindo ali otseka. Tinkadutsa anyamata okumba golide, makorokoza, atayera ndi dothi kuyambira kumutu, matochi atamangidwa pachipumi masanasana. Azakhali anakhala kutsogolo chifukwa cha bondo lawo, ndipo anatiimitsa kawiri kuti titenge azimayi a kutchalitchi kwawo amene ankadikira basi. Ine ndinapanikizika kumbuyo pakati pa dengu la tomato ndi mayi wina wobereka mwana.

Titafika, bambo aang'ono tinawapeza pansi pa mtengo, njinga itagadama patsogolo pawo, akumata chubu. Pambali pawo panali mbale ya nsima, imene kuno amati sadza, yodyedwa theka.

"Aa! Mwana wa achimwene!" anakuwa, n'kudzuka msangamsanga kuposa mmene ine ndinatulukira m'galimoto.

"Ndamva kuti mukudwala."

"Ine? Chimfine, sabata yatha. Chinapita."

Ndinatembenuka kuyang'ana azakhali. Iwo anali akulowa kale m'nyumba, akunena kuti chimfine cha munthu wamkulu si chochipeputsa. Patapita kanthawi ndinamva chinthu cholemera chikukwekwerezeka. Inali kabati ya mbale imene anaisiya kumeneko chaka chathacho atasowa poinyamulira, pamodzi ndi matumba a chimanga amene bambo aang'ono anawasungira.

Amuna anga anawapatsa mpando pamthunzi. Ine ananditumiza kukhitchini, chifukwa mkamwini sangachoke osadya nkhuku. Ndinaigwira ndekha nkhukuyo, ndinaisosola ndekha, diresi yanga yatsopano itakulungidwa m'chitenje chobwereka, utsi uli m'maso. Panja ndinkamva kuseka. Bambo aang'ono, amene anakalambira pansi pa mgodi, ankaphunzitsa amuna anga Chilapalapa, chinenero chimene akapitawo ankalamulira nacho antchito. Atamva za mpopi wathu wouma anaseka mpaka kutsokomola.

"Aziko manzi!" anakuwa cha kukhitchini. Ndiko kuti kulibe madzi. "Mwana wanga, m'nyumba ya bwana mkubwa, aziko manzi! Ukanabwera kuno, chitsime chathu sichiphwa."

Sindinaseke nawo. Popereka chakudya ndinawayezabe kuthamanga kwa magazi, poti kachipangizo kanga ndimayenda nako kulikonse. Anali bwino kuposa ine.

Tinabwerera kabati itamangidwa pa denga ndi zingwe za mphira, tikuyenda ngati tanyamula maliro. Ku Rimuka tinatsitsa katundu, ndipo anansi anabwera mmodzimmodzi kudzaona mwana wa malemu amene ali ku Harare. Aliyense anali ndi pamene pakumuwawa. Wina anandionetsa chotupa pakhosi, wina anabweretsa mapiritsi ake kuti ndimuuze ngati ali enieni.

Mumzinda tinalowamo dzuwa litapendeka, masitolo akutseka. Amuna anga anaumirira kuti tiyendeko ndithu. Anajambula siteshoni ya sitima, anajambula masitolo akale a makonde a nsanamira zachitsulo, anajambula nyumba ina imene pamwamba pake panalembedwa chaka chimene inamangidwa. Pa sitolo ina ya pakona anandipempha kuti ndiime pakhomo andijambule.

"Apa ayi," ndinatero.

"Bwanji? Taonani mawindo akewo."

"Amayi ankagula shuga apa, koma osati pa khomo ili. Panali kawindo ka anthu akuda kumbali uko. Ankaima pamzere padzuwa."

Anazungulira kukayang'ana. Kawindoko kanali katatsekedwa ndi njerwa, koma malo ake ankaonekabe. Anabwerera foni ili m'thumba, n'kundifunsa ngati ndikufuna kubwerera kuchipinda. Ndinati ndikufuna kubwerera ku Harare. Anati kwada, msewu uli ndi malole ambiri, tipirire mpaka mawa.

Lamlungu tinadzuka m'mamawa kuti tizembe. Mwini nyumba anatiperekeza mpaka pa galimoto, akutipempha kuti tikauze anzathu za malo ake. Geti litatseguka tinapeza azakhali atakhala pa mwala panja, atavala zakutchalitchi, chikwama chachikulu chili pamiyendo, nkhuku yomangidwa miyendo ili pansi pambali pawo.

"Maso angawa akuchita nkhungu," anatero, akutsegula okha chitseko cha kutsogolo. "Kuno akungondipatsa mankhwala odonthezera. Ukandionetse kwa madokotala a kuntchito kwako."

Ndinakhalanso kumbuyo, nkhuku ili pamapazi anga. Pa Chegutu tinaima kuti atsanzikane ndi mwana wawo, ndipo msuweni uja anandifunsa, akumwetulira, ngati ndinapuma bwino.

Madokotala anapeza kuti azakhali anali ndi ng'ala m'diso limodzi, ndipo podikira tsiku lowachita opaleshoni anakhala kwathu milungu ingapo. Anagona m'chipinda cha ana, ana n'kusamukira pabalaza. Lolemba lotsatira ulendo uja ndinapita kuntchito maso ali ofiira, ndipo mnzanga wina atandifunsa kuti ku Kadoma kunali bwanji, ndinamuuza kuti andipatse kaye mndandanda wa odwala, tikamba nthawi ya tiyi.